Ndalama ya olondera usiku: yankho kwa mayi a ku Machinjiri

Mayi ena a ku Machinjiri anditumizira imelo sabata yathayi. Akuti mwezi uliwonse amasonkha K3,000 ya anyamata olondera usiku, koma mwezi watha akuba anaboola khoma la kukhitchini n'kutenga TV, mbaula ya gasi ndi thumba la ufa, olonderawo osamva kanthu. Akufunsa ngati si bwino kusiya kusonkhako, ndalamayo aziunjika kuti adzamange mpanda wa njerwa.

Mayi, pepani kwambiri ndi chipsinjochi. Ndikanatha kukuyankhani mwachidule pa imelo pomwepo, koma mwandigunda pachilonda, ndiye mundipirire.

Ine ndinakulira ku Ndirande, pa lendi, mabanja ambirimbiri bafa limodzi. Kuba kunalipo ndithu. Ukaiwala zovala pachingwe kapena ndowa panja, m'mawa unkangopeza malo. Koma munthu akangokuwa kuti "Wakubaaa!" mzere wonse unkatuluka, ena atavala zitenje za akazi awo, ena atanyamula mithiko, agogo a pakona akuwomba chitini. Mlendo akaima pampopi nthawi yaitali, ana ankamufunsa okha kuti, "Mukufuna kwa ndani?" Aliyense ankadziwa kuti wailesi ya kwa uje ndi yotani, moti ukaiona ili paphewa pa munthu wina unkadziwiratu kuti zalakwika.

Nditayamba kupezako bwino ndinasamukira chakumtunda kwa Chilomoni, m'nyumba ya mpanda wautali, mabotolo oswa pamwamba, geti yachitsulo, mlonda wathuwathu. Kumeneko ndiye ndinadziwira chikwanje. Anabwera usiku wamvula, magetsi atathima. Analumpha, n'kumanga mlonda ndi chingwe choyanikira zovala, kenako n'kuyamba ntchito mosapupuluma, ngati anthu olipidwa pa tsiku. Anatsegula mpaka furiji n'kudya ndiwo zotsala. Mayi a kunyumba anakuwa mpaka mawu kutha. M'mawa bambo a nyumba yoyandikana nafe, amene dzina lawo ndinalidziwa tsiku lomwelo, anabwera kudzapepesa. Anati, "Phokoso tinalimva, koma timayesa ndi za m'banja."

Timayesa ndi za m'banja! Bambowo sindiwada. Sankatidziwa, ndipo ifenso sitinkawadziwa. Tinkangoimbirana hutala pageti.

Kuyambira pamenepo mpanda ndimauona mwina. Umachedwetsa wakuba mphindi zochepa, koma akangolowa umasanduka wake: wodutsa mumsewu saona chilichonse, kukuwa kwanu kumathera pakhoma. Ndipo taonani zimene mipanda yachita m'misewu yathu. Yendani madzulo ku Namiwawa, ku Sunnyside kapena ku Nyambadwe, muona khoma uku, khoma uko, pakati mdima. Mtsikana wotsika minibasi 7 koloko, wina akamutsatira, alibe khomo lothawirapo. Agogoda geti ya ndani, ndipo amutsegulira ndani? Tsopano matenda omwewa afika ku Machinjiri, ku Chirimba, ku Chigumula. Munthu asanaike n'komwe siling'i, wayamba kale kuumba njerwa za mpanda. Ndinene mosabisa: mpanda wautali ndi chitetezo chodzikonda, ndipo ngakhale mwini wakeyo sumuteteza mmene amaganizira.

Musandimve ngati ndikuyeretsa olonderawo. Ayi. Alipo amene amayamba ulonda atadutsira kaye kokachasu. Alipo amene amazungulira mpaka 11 koloko kenako n'kukabisala pakhonde la golosale mpaka tambala. Ndipo alipo, tisanamizane, amene amadziwa bwino nyumba imene eni ake apita kumaliro kumudzi, n'kukauza anzawo. Koma tawerengani nokha. M'dera mwanu ndi nyumba zingati zimene zimasonkhadi? Ndalamayo ikagawidwa, mnyamata mmodzi amatenga zingati pa mwezi wathunthu wogona panja mu June? Chida chake ndi tochi, wezulo ndi ndodo, ndipo tikuyembekeza kuti akaima maso ndi maso ndi gulu la zikwanje. Eni ake tili m'bulangeti.

Anthu akuluakulu akamva izi amayamba nyimbo ija yakuti nthawi ya Kamuzu tinkagona zitseko zili pululu. Mantha analipodi, a Payoniya sankaseka ndi munthu mpaka asilikali atawalanda zida mu December 1993 pa Operation Bwezani. Koma ndi nthawi yomweyo ya Kamuzu, pakati pa 1968 ndi 1970, pamene anthu ankaphedwa usiku m'nyumba zawo muno mu Blantyre, nkhani imene mpaka lero imatchedwa ndi dzina la Chilobwe. Funsani agogo amene analipo akuuzeni ngati ankagona zitseko zili pululu. Chitetezo cha m'madera chimene tili nacho lerochi chinabwera m'zaka za m'ma 1990, ulamuliro wa zipani zambiri utayamba, ndipo lamulo la apolisi la 2010 linachikhazikitsa m'malamulo. Tanthauzo lake n'lakuti gulu la olondera si la mfumu, si la tcheyamani, si la anyamata okha. Liyenera kudziwika kupolisi ya m'dera lanu, ndipo kumeneko kumakhala wapolisi woyang'anira za chitetezo cha m'madera. Gulu limene apolisi salidziwa ndi gulu chabe la anthu onyamula ndodo usiku.

Apa ndiye pamene ndimakangana ndi anzanga. Ambiri amafuna olondera "olusa", oti akakumana ndi munthu usiku amugoneke pansi kaye, mafunso pambuyo. Koma Blantyre sagona. Amayi okaoda tomato ndi kabichi kumsika wa Limbe amadzuka kusanache. Ogwira ntchito mashifiti ku Makata ndi ku Chirimba amaweruka pakati pa usiku. Anamwino a ku Gulupu, akabaza, ophika mandasi, onsewa amayenda mumdima chifukwa cha njala, osati chifukwa cha kuba. Mukukumbukira vakabu? Mayeso Gwanda anali wogulitsa majumbo, ndipo anamangidwa mu 2015 akupita kukagulitsa malonda ake m'bandakucha. Nkhani yake inafika ku High Court muno mu Blantyre, ndipo mu January 2017 khotilo linagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, limene ankamangira anthu ongopezeka akuyenda, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Tsono ngati wapolisi wa yunifolomu saloledwa kumanga munthu chifukwa chongoyenda usiku, mnyamata wa jekete yonyezimira angatenge kuti mphamvu yomukwapula ndi kumulipiritsa "chindapusa"?

Za tayala ndi petulo ndiye musandiyambitse. Tinaona mu 2017, mphekesera ya anamapopa itachoka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufika muno mumzinda. Anthu anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, popanda ndi mmodzi yemwe wogwidwa ndi dontho la magazi. Gulu likatentha mutu silifunsa dzina. Ndipo ngakhale atakhala wakuba weniweni, wakufa sanena amene anamutuma, sanena kumene TV yapita. Malamulo amalola munthu wamba kugwira wakuba, koma amati umupereke kupolisi mosachedwa. Ndikudziwa yankho lake, ndalimva kambirimbiri: "Tikawapereka, mawa timawaona akuyenda." Zoona, zimawawa. Koma malamulo amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ndi ufulu wake. Belo si kutha kwa mlandu. Chimene chimapha milandu yambiri ndife eni ake. Katundu akangopezeka, basi, tsiku la khoti tili kuntchito, mboni yapita kumudzi, woweruza milandu n'kutsala ndi fayilo yopanda munthu. Kenako tikuti apolisi adya ndalama.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali nkhani imene pamisonkhano ya chitetezo sitiikhudza. Mayi, TV yanuyo sinapite kumwamba. Panopa ili pabalaza pa munthu wina muno mu Blantyre, mwina munthu wopemphera bwino, amene anaigula theka la mtengo n'kunena kuti Mulungu wamukumbukira. Foni yopanda bokosi, yopanda tchaja, imene mnyamata akukuonetsa mobisa pa depoti ku Limbe kapena kwa Wenela, ukuganiza yachokera kuti? Batire ya galimoto, mita ya madzi, mawaya a kopa opita kwa ogula zitsulo zakutha. Palibe munthu angaboole khoma usiku wonse ngati m'mawa kulibe womugula. Kulandira katundu wobedwa ndi mlandu wopita nawo ku Chichiri, koma ife timautcha dilu. Tikusonkhera olondera ndi dzanja lamanja, lamanzere tikulipira wakuba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye mutani, mayi?

Musasiye kusonkha, koma musiye kusonkha mwakachetechete. Pamsonkhano wotsatira funsani kuti kaundula wa osonkha ali kuti, mayina a olondera ndi ati, amadutsa mzere wanu nthawi yanji, ndipo usiku umene munaberedwa anali kuti. Funsani ngati gululi likudziwika kupolisi. Ngati ayamba kuzungulira, pitani nokha mukafunse, mutenge ndi amayi anzanu awiri atatu. Nyumba iliyonse ikhale ndi wezulo, ndipo mugwirizane kuti ikalira aliyense ayatse nyale ndi kuwomba yake, osati kutuluka yekhayekha kukakumana ndi zikwanje. Sungani 997 m'foni, komanso nambala ya wapolisi wa kufupi nanu. Kadandauleni kupolisi ngakhale mukuona ngati katundu sapezeka, chifukwa dera limene silidandaula limaoneka ngati lili pa mtendere. Lembani manambala a katundu wanu m'kope. Ya foni imatuluka mukaimba *#06#.

Gulu la WhatsApp la m'dera ndi labwino, bola likhale la chitetezo chokha. Lathu linafa chifukwa cha mavesi a m'mawa, zithunzi za maluwa ndi malonda a zitenje, moti tsiku limene mayi wina analemba 2 koloko usiku kuti pakhomo pake pali anthu, aliyense anali atalitseka pakamwa kalekale. Ikani lamulo, ndipo wophwanya achotsedwe ngakhale akhale mkulu wa mpingo.

Za mpandazo, ndalama ndi zanu. Koma musanagule njerwa ndi imodzi yomwe, yang'anani kaye khoma limene anaboolalo. Nyumba zambiri kwathu kuno zimamangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti, ndipo akuba amangothira madzi pang'onopang'ono n'kumasolola njerwa imodziimodzi popanda phokoso, n'chifukwa chake olondera sanamve. Pulasitala wa simenti kunja ndi m'kati, zitsulo pawindo la kukhitchini, ndi nyale ya sola yoloza kuseri kwa nyumba zidya ndalama yochepa kwambiri kuyerekeza ndi mpanda. Ngati mudzaumangabe, kutsogolo kukhale kwakufupi kapena kwa mipata, kuti a nyumba yoyang'anizana nanu azitha kuona khomo lanu ali pakhonde pawo.