Momwe mayiko amayerekezedwera pa chitukuko chokhazikika

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu, loti kodi akatswiri amadziwa bwanji kuti dziko lina laposa linzake pa chitukuko chokhazikika (chitukuko chosawononga zomwe mibadwo yam'tsogolo idzadalire) pamene mayikowo ndi osiyana kukula komanso ndalama zawo n'zosiyana mphamvu.

Muyeso wodziwika kwambiri ndi Human Development Index, womwe UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, inayamba kufalitsa mu 1990. Umaphatikiza zaka zomwe mwana wobadwa lero akuyembekezeka kukhala ndi moyo, zaka za maphunziro, ndi ndalama zomwe munthu mmodzi amapeza pa chaka, ndipo chilichonse chimasandutsidwa nambala ya pakati pa 0 ndi 1 kuti zitheke kuphatikizidwa. Ndalamazo amaziwerengera potengera katundu yemwe zingagule, chifukwa ndalama yogulira ndowa ya chimanga mumsika wa Mzuzu singakugulireni chakudya chochuluka chomwecho ku London.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti muyesowu suona chilengedwe. Mitengo ya ku Chikangawa ikachekedwa matabwa n'kugulitsidwa, ziwerengero zimaonetsa ngati chuma chakwera, chonsecho nkhalango ikutha ndipo phiri latsala zitsa zokhazokha. N'chifukwa chake mu 2020 UNDP inawonjezera muyeso wina womwe umachotsera dziko mapointi molingana ndi mpweya wa kaboni womwe limatulutsa ndi zachilengedwe zomwe limagwiritsa ntchito, ndipo mayiko ena olemera amatsika kwambiri pamenepo.

Palinso zolinga 17 za chitukuko chokhazikika zomwe mayiko a United Nations anagwirizana mu 2015, koma kuziyeza kumadalira ziwerengero zodalirika. Kuno kwathu ntchitoyi ndi ya National Statistical Office ku Zomba, yomwe inachita kalembera wa anthu mu 2018, choncho musanakhulupirire mndandanda uliwonse woyerekeza mayiko, yambani mwafunsa chaka chomwe ziwerengero za dziko lililonse zinatengedwa.