Kodi ntchito yosunga mafayilo ili ndi tsogolo?

Mtsikana wina wa ku Balaka wandilembera pa imelo. Akuti anakhoza bwino mayeso a MSCE koma ndalama zopitira ku koleji sizinapezeke, ndipo tsopano waona chidziwitso choti ofesi ina ya boma ikufuna kalaliki wosunga mafayilo. Amalume ake amuuza kuti asadzivute, chifukwa makompyuta athetsa ntchito imeneyi posachedwa. Akufunsa ngati alembe kalata yofunsira ntchitoyo kapena adikire ina.

Achemwali, lembani kalatayo, ndipo musailembe ngati munthu amene wangosowa kolowera.

Anthu ambiri amaganiza kuti kalaliki wa ku registry, komwe amasungira mafayilo, amangonyamula mapepala, koma ntchito yake ndi yoti kalata iliyonse yolowa mu ofesi idziwike kumene ili kuyambira tsiku lomwe yafika. Kalata ikabwera, amaidinda chidindo cha deti, amailemba m'kaundula wa makalata olowa, amaiika m'fayilo ya nkhani yake ndi kuipatsa nambala yotsatira pepala lomwe linalowa komaliza, kuti wina akadzazula tsamba limodzi pakati, kusowako kuoneke. Fayilo ikamapita kwa bwana, amalemba pa khadi dzina la amene waitenga ndi tsiku lake. Ikadzaza amaitseka ndi kutsegula ina, ndipo yotsekayo amaisunga pashelefu, osati pansi pomwe chiswe ndi chinyezi zingaipeze.

Phindu la zonsezi limaoneka zaka zitadutsa. Taganizirani za mphunzitsi amene waphunzitsa zaka makumi atatu ndipo nthawi yopuma yakwana. Kuti penshoni yake iwerengedwe, pamafunika kalata yomwe anamulembera ntchito poyamba, makalata omukweza paudindo ndi ena omusamutsa. Ngati kalaliki wina anaika pepala limodzi m'fayilo ya munthu wina wa dzina lofanana nalo, mphunzitsi uja amayamba kuyenda ulendo wa ku Capital Hill ndi ndalama zokongola, kunyumba ana akudikira. N'chimodzimodzi ku khoti, komwe mlandu umaima fayilo ikasowa, komanso ku chipatala ndi ku ofesi ya malo. Ichi n'chifukwa chake sindilola kuti ntchitoyi itchedwe yonyozeka.

Amalume anu akunena zoona pa mfundo imodzi, yakuti kalaliki amene sadziwa kompyuta adzatsalira. Koma kompyuta siisankha yokha kuti chikalata chikhale pa mutu uti, ndani ali ndi ufulu wochiona, kapena chisungidwe zaka zingati chisanawonongedwe. Ofesi yomwe mapepala ake ali mbwee ikawajambula ndi sikana osayamba yawalongosola, chisokonezo chomwecho chimangosamukira m'kompyuta. Komanso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi, la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, likufuna kuti nzika ikapempha chikalata iyankhidwe m'nthawi yoikika, ndipo zimenezi sizingatheke popanda munthu wodziwa pomwe chikalatacho chili.

Za malipiro ndikuuzeni mosabisa kuti poyambira ndi ochepa, ndipo amene amangokhala ndi MSCE yokha amakalambira pa giredi yomweyo. Choncho mukalowa, muziona ntchitoyo ngati poyambira. Phunzirani kutayipa mwachangu ndi kugwiritsa ntchito Word ndi Excel, kenako funani satifiketi kapena dipuloma ya kasungidwe ka zolembedwa. Mzuzu University imaphunzitsa digiri ya Library and Information Science, yomwe imatsegula njira yokhala woyang'anira zolembedwa m'boma, m'mabanki ndi m'mabungwe omwe si aboma. Ngati mungapeze mpata wofika ku Zomba, kaoneni National Archives of Malawi, yomwe inayamba mu 1947 ndipo imasunga zikalata za boma kuchokera m'nthawi ya atsamunda. Kumeneko n'komwe mafayilo ofunika amakathera akachoka m'maofesi, ndipo mukaona mmene amawasamalira mudzamvetsa kukula kwa ntchito yomwe mukufunsira.

Pali chinthu china chomwe chidziwitso cha ntchito sichitchula. M'mafayilo muli malipiro a anthu, matenda awo ndi milandu yawo, ndipo inu mudzaziona zonsezo musanafike n'komwe pa udindo waukulu. Tsiku lina padzabwera munthu wokupemphani kuti mumuonetse fayilo ya mnzake, kapena kuti ina isapezeke kwa masabata angapo, ndipo adzakulonjezani kangachepe ka fanta. Mukavomera kamodzi, munthuyo adzabweranso, ndipo anzake adzamva. Pa mayeso olowera ntchito angakufunseni kuti mungatani bwana akakuuzani kuti mutulutse fayilo osailemba pa khadi. Muyankhe mwaulemu kuti mudzaipereka msanga, koma mudzayamba mwailemba.