Yambani ndi Ozzie ndi Harriet, koma musayambire ku 1952

Mayi, mwati mukufuna sewero lakale loseketsa la pa TV la ku America, lonena za banja la ana achinyamata, loti muzionera ndi ana anu popanda kugwirana ndi manyazi. Sakani The Adventures of Ozzie and Harriet. Linkaonetsedwa pa kanema wa ABC kuyambira 1952 mpaka 1966, zigawo 435, ndipo lisanafike pa TV linali pa wailesi kuchokera mu 1944. Osewerawo ndi banja lenileni: Ozzie Nelson, mkazi wake Harriet, ndi ana awo David ndi Ricky, aliyense ndi dzina lake lomwelo.

Chigawo chilichonse n'choima pachokha, ndiye palibe chokukakamizani kuyambira koyambirira. Mu 1952 Ricky anali ndi zaka 12 zokha, ndipo nkhani zambiri zinkazungulira pa Ozzie ndi mnansi wake Thorny. Ana anu atopa msanga. Lumphani mukafike pa chigawo cha "Ricky, the Drummer" cha mu April 1957, pomwe Ricky, ali ndi zaka 16, adaimba "I'm Walkin'" ya Fats Domino. Kuchokera apo mpaka cha m'ma 1961 ndi pomwe pali nsuzi: zibwenzi, kubwereka galimoto ya bambo, madansi, ndalama zosakwana, ndipo zigawo zambiri zimathera ndi Ricky atanyamula gitala. Mnyamatayu adatchuka zenizeni, moti mu 1958 nyimbo yake "Poor Little Fool" idakhala nyimbo yoyambirira kukhala pa nambala 1 pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America umene udayamba chaka chomwecho. Za kumapeto, anyamatawo atakwatira n'kulowetsamo akazi awo, n'zozizira ndithu.

Vuto lili pa makope. Ambiri a pa YouTube adachita kujambulidwa kuchokera ku matepi otopa: chithunzi chachimbuuzi, mawu a m'mphuno, pena podulidwa. Seweroli lidajambulidwa pa filimu, kotero kope labwino limaoneka bwinobwino. Polemba dzina onjezani mawu akuti "restored" (kutanthauza okonzedwanso), kapena funani ma DVD a MPI Home Video. Muyang'anenso kutalika: chigawo chathunthu ndi cha mphindi pafupifupi 25, chikachepa kwambiri ndiye kuti adachidula. Pa TV yanu sankhani kukula kwa chithunzi kwa 4:3, apo ayi anthu aoneka afupi ndi onenepa chifukwa chithunzi chakokedwa kuti chidzaze 16:9. Poti zigawo zambiri n'zakuda ndi zoyera, 360p ikukwanira pa foni, bandulo isathe pachabe. Mawu olembedwa pansi amene YouTube imapanga yokha amasochera omvera akamaseka, ndiye musawadalire ngati cholinga china n'choti ana aphunzirepo Chingerezi.

Anawo muwauziretu kuti uyu si America yense. Ndi banja la azungu opeza bwino, ndipo nkhondo ya tsankho yomwe inkachitika zaka zomwezo, monga ya ku sukulu ya ku Little Rock mu 1957, simuiona. Adzakufunsaninso kuti Ozzie amagwira ntchito yanji, poti amangokhala pakhomo atavala juzi. Seweroli silinena.

Ngati ana anu ndi a ku pulaimale, Leave It to Beaver (1957 mpaka 1963) iwakomera kuposa ili. Ngati ndi a Fomu 3 kapena 4, yesaninso The Many Loves of Dobie Gillis ya pa kanema wa CBS, yomwe idayamba mu 1959. Mmenemo mnyamata wake, Dobie, amatembenukira kwa oonera n'kuwadandaulira yekha za atsikana ndi ndalama, pomwe bambo ake, mwini golosale, akungofuna kuti agwire tsache.