Yankho kwa achemwali ofunsa za mabuku a Anne Rice

Achemwali, mwati munagula mabuku awiri a kaunjika pa Kamuzu Road, lina la anthu opopa magazi, lina lonena za ubwana wa Yesu, onse dzina lake Anne Rice. Mukufuna kudziwa ngati wolemba wake ndi mmodzi, komanso ngati loyambalo n'loyenera kukhala m'nyumba ya Mkhristu. Ndi mayi mmodzi yemweyo. Koma mayankho ena amene mwalandira m'gulu muno andikhumudwitsa, makamaka awiri: akuti anatembenuka mtima pofuna ndalama, ndi akuti mabuku ake akale muwotche.

Mayiyu anabadwira ku New Orleans, ku America, mu 1941, m'banja la Chikatolika. Anasiya kupemphera ali mtsikana. Mu 1972 mwana wake wamkazi anamwalira ndi khansa ya m'magazi asanakwanitse zaka 6. Buku limene linamutchukitsa, Interview with the Vampire, linatuluka mu 1976, ndipo mkati mwake muli kamtsikana kamene sikakula, zaka zikupita iko kali chimodzimodzi. Mayi aliyense amene anaikapo mwana m'manda sangafune womumasulira pamenepo. Ife kuno tikamva za anamapopa timakumbuka za 2017, pamene anthu anaphedwa ku Mulanje ndi madera oyandikana nawo chifukwa cha mphekesera chabe, ndiye mantha anuwo ndikuwamvetsa. Koma m'mabuku akewo nkhani yaikulu si magazi ayi. Ndi anthu olephera kufa, olemedwa ndi zoipa zimene achita, amene tsiku ndi tsiku akufunsa ngati Mulungu aliko komanso ngati angawakhululukire. Munthu amene analemba zimenezo anali akufunafuna kale, kungoti anali asanapeze.

Anabwerera ku mpingo wa Katolika mu 1998. Mwamuna wake, Stan Rice, wolemba ndakatulo amene sankakhulupirira Mulungu, anamwalira mu 2002. Mu 2005 ndi pamene anatulutsa Christ the Lord: Out of Egypt, lomwe ndikuganiza kuti ndi limene muli nalolo, kenako mu 2008 lina lotsatira, lokafika pa ukwati wa ku Kana.

Tsono za ndalamazo. Mabuku ake akale anali atagulidwa mamiliyoni ambiri, ndipo loyamba lija analipanga filimu mu 1994. Akanafuna ndalama akanangopitiriza zomwezo, msika unali wake kale. M'malo mwake anakwiyitsa owerenga ake akale, amene ankati wawathawa, pomwe Akhristu ena ankamukayikira poona kumene wachokera. Ndi zomwe zimachitikanso kuno woimba akasiya nyimbo zachikunja n'kuyamba zauzimu: anzake akale amati wasowa chochita, a kutchalitchi amati tiyeni tione ngati akhalitse. Ndi ochepa amene amakhala pansi n'kumvera nyimboyo.

Ineyo ndinaliwerenga la ubwana wa Yesulo, ndipo ndikuuzeni zoona zake. Wolankhula m'bukumo ndi Yesu mwini, ali ndi zaka 7, banja lake likuchoka ku Alexandria, mzinda wa ku Iguputo, kubwerera kwawo. Koyambirira kwenikweni mnyamata wina womuvutitsa agwa n'kufa, Yesu n'kumuukitsa, ndipo mumvanso za timba toumba ndi dongo timene tinauluka. Zimenezi musakazifune m'Baibulo, mulibemo. Anazitenga m'zolembedwa zakale zimene mpingo sunaziike m'Baibulo. Abale athu Achisilamu, amene ndi ambiri kuno ku Salima, ya mbalame zadongoyo aidziwa, chifukwa ili mu Korani, sura 3 ndi sura 5. Choncho liwerengeni monga nthano, osati ngati buku lophunzitsira Sande sukulu. Chimene chinandigwira mtima ndi mwana amene akuona akuluakulu akunong'onezana za iye, akufunsa zimene zinachitika ku Betelehemu, koma aliyense akumubisira. Chimene chinandigwetsa mphwayi n'chakuti pena mayiyu amalemba mwamantha, ngati woopa kulakwira wina, ndiye nkhani imayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi mabuku ake akale.

Vuto limeneli si lake yekha. Nthano zachikhristu zambiri zimafooka chifukwa wolemba amathamangira ku mathero. Woipa amaipa kotheratu, wabwino alibe chilema, ndipo pofika tsamba lachitatu wadziwa kale amene adzalape. Komatu ife Achewa nthano zoterezi sitinayambe lero kuziona. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo m'ma 1930, nkhani ya munthu wovuta amene pamapeto pake akutembenuka mtima, ndipo mu 1934 inatuluka m'Chingerezi. Imawerengekabe chifukwa mudzi wake ndi weniweni ndipo anthu ake ali ndi moyo. Muyeso womwewo ndi umene ndimayesera Anne Rice, asanatembenuke ngakhale atatembenuka.

Kwa achimwene amene mwalemba kuti "ameneyu ndi umboni wathu", dziwani kuti nkhani yake sinathere pomwepo. Mu July 2010 analemba pa Facebook kuti wasiya kudzitcha Mkhristu ngakhale akadali wa Khristu, chifukwa sakugwirizana ndi momwe mipingo imachitira ndi amayi, sayansi, kulera, komanso amuna kapena akazi okondana okhaokha. Mu 2014 anabwereranso ku nthano za opopa magazi zija. Anamwalira mu December 2021 ali ndi zaka 80. Ena amene anamuombera m'manja mu 2005 anamutembenukira mu 2010, ndipo zimenezo zimandiwawa, chifukwa zikuonetsa kuti ankakonda kutchuka kwa dzina lake kuposa munthuyo.

Za kuwotchazo, achemwali, ine ndikuti ayi. Ngati loyambalo likukusowetsani mtendere, lipatseni wina wamkulu amene amakonda kuwerenga. Ana aang'ono lokhalo musawapatse, muli nkhanza ndi zina zosayenera msinkhu wawo. Ngati mtima wanu uli m'malo, yambani ndi lakalelo, kenako la Yesulo, mudzatiuze m'gulu muno mmene mwawaonera.