Ndere ya pa khungwa la oak ku Taynish

Mayi ena ogwira ntchito ku Glasgow anditumizira imelo ndi chithunzi. Akuti ali kokayenda m'nkhalango ya Taynish ku Argyll, kumadzulo kwa Scotland, anaona chomera chonga letesi chitamatirira pa khungwa la mtengo wakale wa oak, ndiye akufunsa ngati ndi ndere yosowa ija, Lobaria pulmonaria.

Mayi, ikuoneka kuti ndi yomweyo, koma chithunzi cha pamwamba pokha sichikwanira. Mukadzapitanso muidonthezere madzi. Lobaria ikauma imakhala yotuwa mofiirira, koma ikangonyowa imasanduka biriwiri. Pamwamba pake pali timizere totukuka tolukanalukana, timaenje pakati, n'chifukwa chake anthu akale a ku Ulaya ankaifanizira ndi mapapo. Kenaka tukulani nsonga imodzi pang'onopang'ono ndi chikhadabo. Kunsi muyenera kuona ubweya wofiirira ndi tizigamba tosalala totumphuka, tolunjika timaenje tija. Mukapeza mitsempha ndi tinthu tonga timizu, imeneyo ndi ndere ina yotchedwa Peltigera. Ikanyowa n'kuoneka yotuwa mwabuluu, ndi mbale wake, Lobarina scrobiculata.

Zakusowazo zimatengera komwe muli. Kumadzulo kwa Scotland, komwe mvula siitha, mutha kuiona mtengo uno ndi uwo, makamaka pa mitengo ya ash ndi hazel. M'madera ambiri a ku England inatheratu ndi utsi wa malasha, poti siipirira mpweya wa sulphur dioxide. Kubwerera n'kovuta chifukwa kawirikawiri imafala ndi tinthu tonga fumbi tomera m'timizere tija (galasi lokulitsa ka 10 likuonetsani), ndipo sitipita patali. Nkhalango ikadulidwa yonse, ndereyo ilibe kochokera. Pachifukwa ichi katswiri wa zomera Francis Rose anaiika, mu 1976, pa mndandanda wa ndere zosonyeza nkhalango yomwe yakhalapo kuyambira kalekale.

Chimene mukuonacho si chamoyo chimodzi ayi. Muli bowa, tizomera tobiriwira tomupangira chakudya, ndi mabakiteriya a Nostoc okoka nayitrojeni mumpweya. Nkhawa yanga ili pa matenda a ash dieback, omwe anapezeka ku Britain mu 2012, poti akupha mitengo ya ash yomwe ndereyi imakonda.

Chonde musaimatule kuti mukaionere kunyumba, imakula mochedwa kwambiri. Jambulani pamwamba ndi kunsi, lembani mtundu wa mtengo ndi malo enieni, mutumize ku bungwe la British Lichen Society, omwe amasunga kaundula wa ndere za m'dzikomo.