Mayi, musamulole wopenta kuyamba Lolemba

Pepani kwambiri ndi zimene zakugwerani, mayi. Mwalemba kuti madzi a mvula analowa m'nyumba mpaka kulekeza m'mawondo, mwakolopa, pansi pakuoneka pouma, ndipo wopenta akuti ayambe Lolemba. Mukufunsa ngati kuli phindu kulipira anthu obwera ndi makina oumitsira nyumba. Ine ntchito imeneyi ndinaigwira ku Johannesburg ndisanabwerere kumudzi, kumene magiza, matanki otenthetsera madzi, amaphulika m'denga pafupifupi nyengo iliyonse yozizira, ndiye ndikuyankhani monga ndikanayankhira mlongo wanga.

Chimene mukuona kuti chauma ndi khungu chabe. Njerwa ndi pulasitala zimamwa madzi ngati siponji, ndipo madziwo amakwerabe m'khoma kupitirira pamene analekezera. Amisiri a ku Britain ali ndi kawerengedwe kawo kakale: khoma likasiyidwa kuti liume lokha, muwerengere mwezi umodzi pa inchi iliyonse ya kunenepa kwake. Makoma athu akunja ambiri ndi a mainchi 9. Mukapaka penti sabata ino, makamaka ya ogilosi ija yonyezimira, mwatsekera madzi m'kati. Pakatha mwezi penti imatupa matuza, n'kuyamba kusupuka, ndipo pansi pake mumapeza ufa woyera ngati mchere. Ndi mcheredi umenewo, wochokera m'njerwa ndi m'simenti, umene madzi amautulutsa akamafuna potulukira. Ndaona mabanja akupenta kawiri katatu chipinda chimodzi, ndalama zikungopita, chifukwa chothamangira.

Koma tisanafike pa makina, funso loyamba ndi lakuti madziwo anali otani. Pa ntchito yathu timawagawa patatu: oyera a m'paipi, akuda pang'ono ngati ochapira zovala, ndi oipitsitsa a suweji kapena osefukira kuchokera panja. Anu ndi a gulu lachitatu, ngakhale ataoneka oyera bwanji. Adutsa m'ngalande, m'dzala ndi m'zimbudzi zokumba za anzanu. Sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023 imene inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Choncho matiresi a siponji, kapeti, mapilo ndi makatoni zimene zinanyowa, tayani. Ndikudziwa kuti zimawawa, matiresi si wa mtengo wamasewera, koma kuyanika padzuwa sikupha zimene zalowa m'kati mwa siponji. Mipando ya matabwa enieni, ziwiya ndi zovala zimapulumuka mukazichapa bwino. Makabati a matabwa opanikiza aja akafufuma m'munsi, atha basi.

Pansi ndi m'munsi mwa makoma tsukani kaye ndi sopo, kenako ndi Jik wosungunula m'madzi, mutavala majombo ndi magolovesi, mazenera ali otsegula. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira, makamaka a ammonia kapena a m'chimbudzi, chifukwa mpweya wake umapweteka mapapo. Ngati madzi anafika pa masoketi, magetsi akhale ozimitsa pa switchi yaikulu kufikira wamagetsi atatsegula soketi iliyonse. Matope amakhalira kuseri kwake.

Nanga akatswiriwo amachita chiyani chimene inu simungachite? Zida zawo zenizeni ndi zitatu. Pali mafani amphamvu oomba mphepo m'mphepete mwa khoma kuti madzi achoke m'njerwa apite mumpweya. Pali dehumidifier, makina okoka chinyezi mumpweyawo n'kuchisandutsa madzi. Tsiku loyamba mumadabwa kuona chidebe chikudzaza m'chipinda chimene mumati n'chouma. Ndiye pali kamita koyezera chinyezi, ndipo kwa ine kamenekatu ndiye kamasiyanitsa katswiri ndi wongobwereketsa mafani. Munthu wodziwa ntchito amayeza kaye khoma limene silinanyowe, n'kulemba nambala yake, kenako amabwera kudzayeza makoma onyowawo mpaka nambala zitayandikana. Amachotsa matabwa a m'munsi mwa khoma, amasuntha wadiropu, amagogoda matailosi kumva ngati alira mphako. Wina akabwera wopanda kamitako n'kukulonjezani kuti khoma la njerwa liuma m'masiku atatu, musamupatse ndalama. Masiku atatu mpaka asanu amakwanira makoma a mabodi opyapyala. Njerwa zimafuna masabata ngakhale makina akulira usana ndi usiku.

Dehumidifier ikamagwira ntchito, zitseko ndi mazenera zikhale zotseka. Apo ayi ndiye kuti mukuumitsa mpweya wa dera lonse. Ndipo ngati magetsi athima n'kugwiritsa ntchito jenereta, ikhale panja, kutali ndi zenera. Mbaula m'chipinda chotseka ayi ndithu, utsi wa makala umapha mwakachetechete.

Kodi mulipire? Ngati nyumba ili pa inshuwalansi, jambulani zithunzi za chilichonse musanataye, ndi mzere wa matope pakhoma womwe, ndipo muwaimbire lero. Ngati m'nyumba muli wodwala mphumu, khanda kapena agogo, ndinganene kuti lipirani, ngakhale kungobwereka dehumidifier imodzi ya chipinda chogona. Nkhungu imayamba kumera pakangotha maola 24 mpaka 48, ndipo fungo lija la chuku likayamba, ndiye kuti yakhazikika kuseri kwa kabati. Ngati ndalama palibe, nyumba ikhoza kuumabe, kungoti ifunika kudekha: chotsani katundu yense kukhoma, tsegulani mazenera dzuwa likawala, tsekani mvula ikamagwa, fani izungulire, penti idikire chilimwe. Ngati maso akukana kuona khoma lamathothomathotho, pakani laimu, chifukwa amalola khoma kupuma.

Pali chinthu chimodzi chimene makina sangakonze. Nyumba zambiri kwathu kuno zinamangidwa ndi njerwa zootcha koma zolumikiza ndi dothi, zina ndi zidina. Dothi likakhuta madzi limafewa, khoma n'kutsala likungogwiridwa ndi pulasitala. Yang'anani m'makona ndi pamwamba pa zitseko. Mukaona mng'alu watsopano, chitseko chimene chinkatseka bwino chikukana pamodzi ndi mng'alu pafupi, kapena khoma likupendekeka, ana asagonemo usiku uno, ndipo muitane mmisiri womanga asanabwere wina aliyense.

Madzulo ano chitani ichi: dulani pepala la pulasitiki lalikulu ngati thireyi, mulimate ndi tepi mbali zonse zinayi pakhoma, cha m'munsi, lina pa simenti ya pansi. Mawa nthawi ngati yomweyo mulimatule. Mukapeza timadontho kuseri kwake, kapena malowo atada kuposa pambali pake, madzi akadali m'kati. Mujambule mutumize pano, mundiuzenso ngati njerwa zanu analumikiza ndi simenti kapena dothi, ndikuuzani choyambira.