Alpha helix yandikanika: kodi idzandithandiza pa ntchito?

Mtsikana wina wa chaka choyamba pa maphunziro a za labotale ya chipatala walemba kuti phunziro la alpha helix lamukanika. Akuti amaloweza manambala ake usiku koma pofika m'mawa amakhala atawaiwala, ndipo akufunsa ngati tinthu tosaoneka ndi maso ngati timeneti tidzamuthandiza akadzayamba ntchito.

Mwanawe, mutu wako ndi wabwinobwino, kungoti wayambira kumapeto. Puloteni ndi mkufu wa tizigawo tolumikizana totchedwa ma amino acid, ndipo mkufuwo supotana mwangozi ayi. Oxygen wa pa amino acid imodzi amakokana ndi hydrogen wa pa inzake imene ili malo anayi kutsogolo, ndipo kukokana kumeneku, kumene mabuku amakutcha hydrogen bond, kukachitika ponseponse mkufu wonse umapindika n'kukhala ngati sipuling'i, ndipo imeneyi ndiyo alpha helix. Ukagwira mfundo iyi, nambala ya 3.6, yomwe ndi ma amino acid a pa kuzungulira kumodzi, sidzakuthawanso, chifukwa kuti awiri otalikirana malo anayi ayandikane, kuzungulirako kuyenera kukwana pafupifupi anayiwo. Udzamvetsanso chifukwa chake amino acid yotchedwa proline imadula helix: ikalowa mumkufu imakhala ilibe hydrogen uja woti akokane ndi oxygen.

Linus Pauling, katswiri wa Chemistry amene anatulukira alpha helix, naye sanayambe ndi kuloweza. Mu 1948, atagona ndi chimfine ku Oxford, anajambula mkufuwu papepala n'kumalipinda mpaka maatomu oyenera atayang'anizana, ndipo mu 1951 iye, Robert Corey ndi Herman Branson anasindikiza zimene anapeza. Nawenso tenga waya ndi mikanda, uzungulize wayawo pa cholembera, uwerenge ndi chala.

Tsitsi lako ndi puloteni yotchedwa keratin, yomwe mbali yaikulu ndi alpha helix. Ukaliwongola ndi chipeso chamoto umamasula ma hydrogen bond okha, n'chifukwa chake mvula ikangokuvumba tsitsi limabwerera mwakale, pomwe mankhwala owongolera tsitsi amadula zolumikizira zolimba za sulphur, ndipo lowongokalo limakhala choncho mpaka lina litamera. Collagen, puloteni ya pakhungu ndi m'mitsempha yolumikiza mafupa, ndi helix ya mtundu wina: nsambo zitatu zopotana ngati chingwe cha khonje, ndipo vitamini C akasowa sizigwirana bwino, motero nkhama zimatuluka magazi, zilonda n'kumachedwa kupola.

Kunena za ntchito, helix imene udzakumane nayo tsiku ndi tsiku ndi ya DNA, imene James Watson ndi Francis Crick anaifotokoza mu 1953 mothandizidwa ndi zithunzi za X-ray zochokera mu labotale ya Rosalind Franklin. Makina a GeneXpert oyezera TB, ngakhalenso oyezera kuchuluka kwa HIV m'magazi, amatsata njira ya PCR, imene imatenthetsa DNA kufika pafupifupi madigiri 95 kuti nsambo zake ziwiri zilekane, kenako n'kuiziziritsa kuti zikopedwe. Wogwira ntchito amene amangodina mabatani amasowa pogwira zotsatira zikasokonekera, koma wodziwa chimene chikuchitika m'katimo amayamba wafunsa za kutentha ndiponso za mankhwala ake.

Ndisakunamize, ntchito yofufuza maonekedwe a mapuloteni payokha ndi yosowa kuno kwathu, ndipo imafuna digiri yachiwiri, kawirikawiri ya kunja. Zitseko zoyandikira ndi malabotale a zipatala, ntchito za mankhwala, ndi mabungwe a kafukufuku monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre. Ngati mtima wako uli pa kafukufuku, usanyozere Chemistry ndi masamu, uphunzirenso kompyuta, popeza mphoto ya Nobel ya Chemistry ya 2024 inapita kwa David Baker, Demis Hassabis ndi John Jumper chifukwa cha ntchito yopanga ndi kulosera maonekedwe a mapuloteni pa kompyuta.

Sabata ino, mayeso asanafike, ulowe pa Protein Data Bank, nkhokwe ya maonekedwe a mapuloteni yomwe ndi yaulere pa intaneti, ufufuze haemoglobin, puloteni yonyamula oxygen m'magazi, uitembenuze mbali zonse, ndipo uwerenge ma helix amene ali pa umodzi mwa mikufu yake.